Mafayilo ankabwerera osawerengeka

Kuno ku Ulongué, ku Mozambique, ndinalemba kapulogalamu m'chilankhulo cha makompyuta cha Python kobisa mafayilo a ngongole za alimi a mbatatesi. Baiti iliyonse (kachidutswa kakang'ono ka fayilo) ndinkaisakaniza ndi kiyi (mawu achinsinsi) kudzera mu XOR, njira ya masamu imene imabwezeretsa zoyambazo ukaibwereza ndi kiyi yomweyo. Koma pobwezeretsa, mayina okhala ndi ã, ç ndi ŵ ankatuluka osawerengeka. Usiku wonse ndinkaloza chala kiyi, chonsecho cholakwa chinali changa: fayilo ndinkaitsegula ngati mawu wamba, Windows n'kumawerenga zilembozo mwa njira yake. Nditasinthira ku "rb" ndi "wb" (kuwerenga ndi kulemba mabaiti momwe alili), SHA-256 (nambala yokhala ngati chidindo) ya fayilo yoyamba inafanana ndi ya yobwezeretsedwa.

Kenako ndinayesa fayilo ya maziro okhaokha. Kalanga ine, kiyi yonse inaonekera poyera, ikungobwerezabwereza, poti XOR ya ziro ndi kiyi imangotulutsa kiyi yomweyo! Ngongolezo pano ndimabisa ndi AES, njira yolimba yobisira mafayilo; XOR ija yatsala yoseweretsa basi.