Musanagule tikiti ya lotale, funsani kaye za layisensi

Abale anga a kuno ku Kasungu, mabelo akangoyamba kugulidwa ku Chinkhoma ndalama nkuyamba kuoneka m'matumba, ogulitsa matikiti a lotale nawonso amatuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Chaka chatha alamu anga a ku Chamama analandira mesiji yoti awina, koma eti atumize kaye ndalama yotsegulira mphoto, anatumiza ndithu, kuimbanso nambala ija yazima mpaka lero. Zinandiwawa heve chifukwa inali ndalama ya fetereza.

Ndiye poyambira ndi apa: lotale siyendetsedwa mwachisawawa ayi. Pali bungwe la boma la MAGLA, Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe linabwera ndi lamulo la 2022 ataphatikiza Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Amenewa ndi omwe amapereka layisensi komanso ali ndi mphamvu yoyimitsa kapena kuyilanda kampani ikaphwanya mfundo zake. Wina akakuuzani kuti ifetu tinalembetsa ku Zambia kaya ku Joni, zimenezo sizikuthandizani, mukaberedwa mukadandaula kwa ndani?

Mukafika pa ejenti musachite manyazi, mufunseni kuti kampani yake ndi iti ndipo pepala la chilolezo lili kuti. Muone ngati dzina la papepalalo ndi lomwelo lili pa tikiti, muonenso madeti, chifukwa layisensi imakhala ndi nthawi yake yothera ndipo ena amangopachika fotokope yakalekale yoti inatha ntchito. Ngati mtima ukukayikabe afunseni eni akewo a MAGLA, koma nambala yawo muyipeze nokha, osati imene wakupatsani wogulitsa yemweyo, angakhale mnzake amene akuyankha kuseri.

Chomwe ambiri sitichita ndi kuwerenga malamulo a masewerawo, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Layisensi sikungololedwa kugulitsa basi, ndi pangano loti kampani ichita zakutizakuti, ndiye inu muyenera kudziwiratu kuti maere achitika liti, zotsatira azilengeza kuti, mukawina muli ndi masiku angati okatenga ndalama zanu, nanga mukatenga kuti ndipo mupite ndi chiyani kupatula chitupa cha unzika. Ejenti akamazemba mafunso amenewa bwezani ndalama yanu m'thumba. Mukamuonanso akugulitsa kwa ana a yunifolomu dziwani kuti akuphwanya lamulo, wosakwana zaka 18 saloledwa, ndipo ine izi ndiye sindisekerera ngakhale ejentiyo atakhala wa kwathu.

Tikiti mukagula isungeni pouma, muyijambule pa foni, tiziinki take timafufutika msanga ndi thukuta la m'thumba. Ngati mwalipira pa Airtel Money kapena Mpamba mesiji ija musadilite. PIN yanu musauze munthu olo atalankhula Chizungu chokoma bwanji, ndipo ngati pali msonkho umadulidwa pa mphoto pomwepo, sikuti mutumize kaye ku nambala ya munthu. Komanso simungawine lotale yomwe simunalowe nawo.

Kampani yovomerezeka ikamakuzungulitsani pa ndalama yoti mwawina, ilembereni kalata musunge kope, ikapanda kuyankha pitani nazo ku MAGLA ndi tikiti yanu ija. Koma zikakhala ngati za alamu anga zija thamangirani ku polisi pa boma tsiku lomwelo, ndi nambala imene munatumizako komanso mesiji yosonyeza nthawi.