Kuchotsa dayinamo nkuika alternator pa Massey Ferguson 35

Mathirakitala a 35 opangidwa ku Coventry, ku England, ambiri anabwera ndi dayinamo ya Lucas yotchajira batire, ndiye injini ikamayenda pang'onopang'ono batire siitchaja bwino, mmawa uliwonse kukankha basi. Alternator ya Lucas ACR, yomwe imatchaja batire mmalo mwa dayinamo, imathetsa zimenezi, koma pali chinthu chimodzi chomwe chimaotcha ma alternator ambiri tsiku lomwelo.

Mathirakitala akalewa ambiri ndi a positive earth, kutanthauza kuti waya wa pozitivu ndi umene umagwira chitsulo cha thirakitala. Alternator imafuna negative earth. Ndiye musanagwire chilichonse chotsani batire, muyang'ane kaye, ngati ili choncho muitembenuze, negativu ipite ku chitsulo, pozitivu ipite ku solenoid (switchi yaikulu) ya sitata. Mukalumikiza mozondoka ma diode, tizipangizo ta mkati mwa alternator, amapsa nthawi yomweyo, ndalama zapita. Sitata musade nayo nkhawa, imazungulira mbali yomweyo. Koma mawaya awiri a pa ammeter, mita yoonetsa ngati batire ikutchaja, muwasinthanitse, apo ayi singano izilozera kuti batire ikutha pomwe ikutchaja. Ngati yanu ndi ya petulo, sinthaninso mawaya a pa koyilo, negativu ipite ku distributor, yogawira moto ku mapulagi.

Kabokosi kakale ka regulator, kowongolera moto wa dayinamo, kachoke, ACR ili ndi yake mkati. Kumbuyo kwa alternator kuli mapini atatu, awiri aakulu ndi kamodzi kakang'ono. Aakuluwo ndi otulutsa moto, kokani waya wonenepa kudzera pa ammeter mpaka ku pozitivu ya batire, ndikupempha musagwiritse kawaya kowonda ka dayinamo kaja chifukwa kamatentha.

Kapini kakang'onoko nkomwe anthu amakanyozera. Kamafuna waya wochokera ku switchi ya kiyi wodutsa pa kababu kofiira ka mawati 2, osati LED, chifukwa kamoto kodutsa pa babupo ndi komwe kamadzutsa alternator kuti iyambe kutchaja. Mukayatsa kiyi kababuko kayenera kuyaka, injini ikalira kazime. Popanda babu ena amangopatsa moto injini kudikira kuti mwina alternator idzuka yokha, si bwino.

Pule ya alternator iyang'anizane ndi ya pansi ya injini, lamba asakhale wolimba kwambiri. Kenako lizani injini muyeze pa batire, mita yoyezera magetsi iwerenge pakati pa 13.8 ndi 14.5 volts. Ndipo chonde musachotse terminal ya batire injini ikulira kuti muone ngati ikutchaja, zimenezo zimaononga alternator, gwiritsani mita.