Mukafuna kulembanso MSCE kuno ku Kasungu

Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya masana, imene aliyense amangoti "open", pa CDSS ina kufupi ndi Santhe. Ambiri mwa ophunzira anga ndi anthu amene analembapo kale mayeso a Fomu 4. Ena Chingerezi chinawagwetsa, ena satifiketi ali nayo koma mapointi ndi ochuluka moti siikuwatsegulira khomo lililonse. Zimene ndalemba apazi ndi zimene ndimawauza tsiku loyamba, asanatulutse ndalama.

Yambani ndi kupita kusukulu kumene munalembera mukaone magiredi anu, phunziro lililonse palokha. Kungomva kuti "dzina lako palibe" sikokwanira, chifukwa anthu awiri amene onse alibe satifiketi akhoza kukhala pamalo osiyana kwambiri. Lembani magirediwo papepala ndipo muwawerenge modekha. MANEB imagwiritsa ntchito manambala kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wapeza distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Kuti munthu apatsidwe satifiketi ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo limodzi mwa iwo likhale credit. Njira ina ndi kukhoza maphunziro asanu, Chingerezi chili momwemonso, koma ma credit akhale atatu. Ndiye chifukwa chake mumaona mwana wopeza 3 Agriculture, 4 Chichewa, 5 Biology, 6 Geography, koma satifiketi osaiona. Mukafufuza mupeza 9 pa Chingerezi.

Mukatero dzifunseni kuti satifiketiyo mukuifunira chiyani, popeza yankho lake ndi limene likuuzeni maphunziro oti mulembe. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Amalembetsa maphunziro onse asanu ndi atatu monga poyamba, ati kuti "aone pamene mwayi ungagwere", kenako nthawi yowerenga imagawika mpaka phunziro lililonse lapeza kachidutswa kosathandiza.

Ngati chimene mukufuna ndi pepala loti mufunsire ntchito kapena kulowa sukulu ya zaluso za manja pansi pa TEVETA, ndipo chinakugwetsani ndi phunziro limodzi kapena awiri, lembani amenewo basi, mwina n'kuwonjezerapo limodzi lodzitetezera. MANEB ili ndi dongosolo lophatikiza zotsatira za maulendo osiyana n'kupereka satifiketi imodzi. Satifiketi yophatikizayo imachita kufunsiridwa ndi kulipiridwa payokha, siingobwera yokha kusukulu. Musanalembetse, funsani ahedi kapena aphunzitsi oyang'anira mayeso kuti akuuzeni ngati chaka chimene munalemba poyamba chikulowabe m'dongosololi. Amene munalemba kalekale, funso limeneli ndi loyamba.

Ngati maso anu ali pa mayunivesite a boma monga LUANAR, UNIMA, MUBAS, MUST, KUHeS kapena Mzuni, nkhani ndi ina. Kumeneko pamafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo posankha amayang'ana magiredi a maphunziro ogwirizana ndi kosi imene mwafunsira. Munthu wofuna unamwino amene ali ndi 2 Bible Knowledge koma 8 Biology sanayandikire n'komwe. Pezani chilengezo cha chaka chathachi cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, kapena cha Kasungu TTC ngati mukufuna uphunzitsi, muwerenge mzere uliwonse: maphunziro amene akufuna, zaka za mayeso zimene akulandira, ndi zimene akunena pa zotsatira za maulendo angapo. Kwa wotere ine ndimalangiza kulembanso maphunziro asanu ndi awiri, kuti mapointi atsike paulendo umodzi, ndipo limodzi likapunthwa asanu ndi limodzi akhalepobe.

Pali ena amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti sanawachongere bwino. MANEB imalola kupempha kuti pepala lichongedwenso, molipira, kudzera kusukulu, ndipo nthawi yake ndi yochepa zotsatira zikangotuluka. Ngati Chingerezi munkakhoza bwino chaka chonse ndi pa mock pomwe, yesani. Koma musadikire yankho lake mpaka nthawi yolembetsa itadutsa.

Tsopano kolembera. Malo obwereza m'sukulu za boma za m'mawa ndi ovuta kupeza, choncho njira zenizeni ndi zitatu. Mukhoza kubwereza Fomu 4 pa sukulu ya pulaiveti, imene imadya ndalama zambiri koma imakusungani m'kalasi tsiku lonse. Mukhoza kulowa open, kumene aphunzitsi omwewo a m'mawa amaphunzitsa masana ana a m'mawa akaweruka. Kapena mukhoza kulembetsa ngati external, n'kumawerenga nokha kunyumba. Njira yachitatuyi imaoneka yotchipa, ndipo kwa munthu wa pantchito kapena mayi wa mwana wamng'ono nthawi zina ndi yokhayo. Koma ndinene mosabisa: amene anagwa Chingerezi kapena Masamu asawerenge yekha. Maphunziro awiriwa amafuna munthu wina aone zimene walemba n'kukuonetsa pamene ukulakwitsa. Ukawerenga wekha umangobwereza zolakwa zomwe zija mwaukhondo.

Ngati mukulemba Biology, Agriculture, Physics kapena Chemistry, kumbukirani kuti muli mapepala a practical. Sankhani sukulu imene ili ndi labu kapena imene aphunzitsi ake amayesetsa kubwereka zipangizo, ndipo mufunse ngati a masana amaloledwa kuzigwira. Amene munalemba nthawi ya Physical Science dziwani kuti phunzirolo linagawidwa pawiri, Physics payokha ndi Chemistry payokha, ndiye manotsi anu akale sakukwanira. Chimodzimodzinso mabuku a literature, a Chingerezi ndi a Chichewa omwe, amasintha pakapita zaka. Funsani mndandanda wa chaka chimene mukulembacho musanabwereke buku kwa mkulu wanu.

Kulembetsa kumachitika miyezi yambiri mayeso asanafike, nthawi zambiri pasanapite nthawi yaitali zotsatira zitatuluka, mtima ukadali wowawa. Kuno ndi nthawi yomweyo imene ndalama zonse za pakhomo zapita ku feteleza ndi mbewu. Makolo, ngati mukudziwa kuti mwana adzabwereza, patulani ndalama ya mayeso pa zimene mwagulitsa soya, mtedza kapena fodya ku Chinkhoma, isanalowe m'munda. Mwana wophonya tsiku lomaliza lolembetsa wataya chaka chathunthu ngakhale akanawerenga bwanji.

Masiku ano sukulu imalowetsa dzina lanu pa kompyuta, inu n'kupatsidwa nambala yolipirira, ndipo mumalipira nokha ku banki kapena pafoni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Dongosololi linabwera pothana ndi vuto limene linaliza mabanja ambiri, la ndalama za mayeso zothera m'matumba a anthu, ana n'kudzazindikira mochedwa kuti maina awo sanapite ku likulu la MANEB ku Zomba. Choncho musapatse munthu ndalama pamanja kuti "akakulipirireni", kaya akhale wodziwika bwanji. Sungani uthenga wa pafoni kapena lisiti ya ku banki, ndipo nambala yake muikoperenso m'kope, poti foni imatayika. Ndalama za external zimasiyana ndi za ophunzira a m'kalasi ndipo zimatengera kuchuluka kwa maphunziro, ndiye onani chikalata cha MANEB cha chaka chimenecho chimene chimakhala kwa ahedi.

Mndandanda wa olembetsa ukabwera kuti muutsimikize, pitani nokha, musatume mnzanu. Onani kalembedwe ka dzina, tsiku lobadwa, chithunzi ndi maphunziro. Dzina likhale ndendende monga linalembedwera ulendo woyamba. Amene analemba poyamba ndi dzina la bambo kenako n'kulembetsa ndi la agogo kapena la mwamuna, kapena amene "Mphatso" wake wasanduka "Mpatso", amavutika pophatikiza zotsatira, chifukwa pamapepala akuoneka ngati anthu awiri.

Za kawerengedwe ndikhalitsapo pa Chingerezi, poti ndicho chimagwetsa ambiri. Ana athu ambiri galamala amaidziwa pang'ono ndithu, koma amatayira mamalikisi pa chimangirizo, pa note-making ndi pa comprehension. Izi sizilowezedwa. Lembani chimangirizo chimodzi sabata iliyonse, muchipereke kwa mphunzitsi achonge, kenako muchilembenso mutakonza zimene wazungulizazo. Kulembanso kumeneku ndiye kumene ambiri amakuthawa, koma ndi kumene munthu amaphunzirira. Gwiritsani ntchito ziganizo zazifupi zimene mukuzidziwa bwino. Mawu akuluakulu oloweza amene ana amakonda kuyambira nawo sakometsa kanthu ngati chiganizo chotsatira chathyoka. Kalata, lipoti ndi speech zili ndi kayalidwe kake, ndipo kayalidwe kokhako kali ndi mamalikisi amene munthu angatole ngakhale Chingerezi chake chili chofooka. Pa literature werengani buku lenilenilo, osati manotsi okha a pa WhatsApp. Ngati buku lilipo limodzi m'mudzi monse, khalani anayi muziwerenga mokweza mosinthana, wina akamaliza ndime anzake afotokoze m'Chichewa zimene zachitika, kenako aliyense alembe yankho lake m'Chingerezi.

Masamu amafuna pensulo tsiku ndi tsiku, ngakhale mafunso asanu okha. Sonkhanitsani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ndipo muone mitu imene imabwerabwera. Woti akufuna kuchoka pa 9 kufika pa 7 kapena 6 asayambe ndi mitu imene imamuopsa kwambiri. Ayambe wagwiritsa imene amaimvako, monga ma graph, statistics, matrices ndi ma equation, mpaka asamalakwitsenso.

Chinthu chimene mabuku a malangizo sanena ndi chakuti chaka cha sukulu chimagundana ndi chaka cha munda. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale ndi kubzala, kupalira ndi kubandira. Kenako kuthyola fodya, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, ndipo pofika Epulo ndi Meyi soya ndi mtedza zikudikira. M'zaka zaposachedwapa MSCE yakhala ikulembedwa chapakati pa chaka, m'nyengo yozizira, ndiye amene akuti "ndiyamba kuwerenga tikakolola" watsala ndi masabata owerengeka. Wobwereza amaoneka ngati munthu wopanda chochita pakhomo, ndipo ntchito iliyonse imagwera iye. Khalani pansi ndi makolo kapena amuna anu mugwirizane poyera: m'mawa kumunda, ikakwana nthawi ya open khasu pansi. Atsikana ndiwo amapsinjika kwambiri apa, poti akachoka kumunda mtondo, nkhuni ndi mphika zikuwadikira. Amayi, mwana wamkazi amene mwamulipirira mayeso mupatseninso maola owerengera, apo ayi ndalama ija mwangotaya. Kanyale ka sola kamodzi kosungira wowerenga yekha kamathandiza kuposa buku lachisanu la manotsi.

Mayeso akamayandikira mudzamva za likasa. Pa WhatsApp padzabwera anthu ogulitsa "mapepala enieni", ndipo wobwereza, poopa kugwanso, ndi amene amakopeka msanga. Ambiri mwa mapepalawo ndi abodza. Akakhala enieni, kumbukirani 2020: mayeso a MSCE anabedwa, boma linawaimitsa mu Novembala ali mkati, ndipo dziko lonse linalembanso mu Januwale 2021, osalakwa omwe. Wogwidwa ndi likasa kapena foni m'chipinda cha mayeso zotsatira zake zimafafanizidwa ndipo akhoza kumangidwa.

Ndondomeko ya masiku a mayeso ikatuluka, koperani masiku anu okha ndi maola ake, muwapachike pakhoma. A external ambiri amalembera kusukulu imene sanaizolowere, nthawi zina kutali ndi kwawo, ndiye pitaniko tsiku lina mayeso asanayambe mudziwe njira ndi nthawi imene njinga imatenga. Ngati ndi kutali, monga kuchokera m'midzi ya ku Chamama kapena Chulu, pezani wachibale kapena malo ogona pafupi pa masiku amene muli ndi pepala la m'mawa. Chitupa cha MANEB mukatenge msanga chikangofika kusukulu, muonenso ngati chithunzi ndi maphunziro zili zanu, ndipo chikalakwika nenani kwa ahedi tsiku lomwelo.