Mwakuza injini ya njinga yamoto? Umu ndi mmene ndimasankhira makaniko woiseta

Njinga yanga ndi ya 125 (nambala yosonyeza kukula kwa injini), ndipo ntchito yake ndi kutsika ndi mbatata ya kachewere kuchokera kuno ku Dedza kudzera msewu wa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, pobwera n'kukwera ndi usipa. Amene anadutsapo pamsewu umenewu akudziwa kuti chitunda chake sichinyengerera injini yaing'ono. Nditatopa ndi kukwawa pa giya wani, ndinagula buloko ndi pisitoni za 150, ndinaika ekizozi yotseguka, n'kusinthanso fyuluta ya mpweya. Mnyamata wina wa pagalaja ina anamanga zonsezo tsiku limodzi, analiza injini, anakoka mafuta katatu anthu n'kutembenuka, kenaka anati, "Bwana, apa ndiye yapsa." Inapsadi. Patangotha masabata atatu, ndili pakati pa chitunda ndi katundu kumbuyo, njinga inangoti phwii n'kuzima. Titamasula tinapeza pisitoni itabooka pamwamba, bowo loti chala chaching'ono n'kulowa.

Cholakwika sichinali zipangizo. Injini ikakula, ekizozi n'kutseguka, mpweya wodutsa mkati umachuluka, koma kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, amakhala akuperekabe petulo wa muyeso wakale. Moto wa mpweya wambiri petulo wochepa umatentha mopyola, ndipo umadya pisitoni ndi mavalavu mwakachetechete njinga ikuthamanga bwinobwino. Kumanga zipangizo ndi ntchito ina, kuseta ndi ntchito inanso, ndipo si aliyense wogwira sipanala amene amazitha zonse ziwiri.

Choyamba chimene ndimayang'ana tsopano ndi mafunso amene makaniko akundifunsa. Mukafika n'kunena kuti mwakuza injini, iye n'kungotenga sikuludiraiva osafunsa kanthu, lizani njinga muzipita. Bambo amene anandikonzera kachiwiri, munthu wa imvi zake ndithu, anandikhazika pabenchi kaye. Anafuna kudziwa chimene ndasintha, mtunda umene yayenda chiisinthireni, kulemera kwa katundu amene ndimanyamula, kumene ndimathira petulo, ngati ndi papampu kapena wa m'mabotolo, komanso misewu imene ndimayenda. Funso lomalizali ndinaliona ngati macheza chabe. Koma Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Malawi siifika n'komwe mamita 500. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, kunsi ndi wolemera. Njinga yosetedwa mothina ku Dedza ikatsikira kuchigwa imapuma mpweya wambiri, petulo n'kuperewera, kutentha kwa kumeneko n'kuwonjezera. Makaniko amene sakuganiza zimenezi akuseterani njinga yoyendera pabwalo la galaja yake basi. Ndiponso petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, choncho manambala a kasetedwe ka injini amene mungamve kwa anthu a maiko ena musangowatengera.

Chachiwiri, pemphani kuti akuonetseni majeti. Jeti ndi kachitsulo kakang'ono ka mtundu wa golide kokhala ndi bowo, kamene petulo amadutsira m'kabuleta, ndipo pamakhala nambala yolembedwa. Nambala ikakwera, bowo limakula. Woseta weniweni amakhala ndi kachitini ka majeti osiyanasiyana. Wina akakuuzani kuti angokuza bowolo ndi waya kapena singano, kanani mwaulemu. Bowo lokuzidwa choncho silibwereranso, ndipo palibe angadziwe kuti lafika pa nambala yanji.

Apa pali chinthu chimene chimapusitsa ambiri a ife. Kasikuluwu ka m'mbali mwa kabuleta kamene amakaniko amakonda kupotokola kamangolamulira injini ikamalira payokha ndi pamene mwangoyamba kukoka mafuta. Mukakoka mafuta pakatikati pamalamulira singano ya m'kabuleta yokhala ndi timipata ta kilipu, ndipo mukakoka mafuta onse ndi jeti yaikulu imene ikugwira ntchito. Ndiye munthu akapotokola kasikuluwu, injini n'kumalira mokoma njinga itaima, ndiye kuti wakonza mbali imene sikukukhudzani pachitunda. Mufunseni molunjika kuti, "Nanga jeti yaikulu mwaiona?" Yankho lake lidzakuuzani zambiri.

Chachitatu ndi pulagi. Bambo aja anaika pulagi yatsopano, anakwera njinga okha, anakaithamangitsa pamsewu wa M1 chakulowera ku Linthipe, ali pa liwiro anagwira kilatchi n'kuzimitsa injini, n'kumasula pulagi pomwepo m'mbali mwa msewu. Anandiitana kuti ndione. Kunsonga kunali mbuu ngati phulusa la chitsononkho. "Iyi ikufa ndi ludzu," anatero. Anasintha jeti, anapitanso, anamasulanso. Ulendo wachitatu nsonga inatuluka yofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, ndipo m'pamene anagwedeza mutu. Ikatuluka yakuda ndi mwaye ndiye kuti petulo wachuluka, njinga izimwa mafuta ngati galimoto ndipo izitsamwa mukakoka. Chimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'choti ankasintha chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse. Wosintha jeti, singano ndi pulagi nthawi imodzi sangadziwe chimene chathandiza.

Kuyesa kothamangitsaku sikuchitika tsiku limene mwamanga pisitoni yatsopano. Maringi a pisitoni amafunika akhale kaye. Ine anandiikira jeti yokulirapo dala, anandiuza kuti ndiyende makilomita 500 mofatsa, osanyamula matumba, ndisinthe oilo, kenaka ndibwerenso. Ndinadandaula chifukwa masiku amenewo ndi ndalama, koma makaniko wokuuzani kuti mubwerenso ndi amene akufuna kuiona ntchito yake ikatha mwezi.

Yang'ananinso zida. Mavalavu amasetedwa injini itazizira, ndipo pa njinga zing'onozing'onozi mpata wake sufika ngakhale milimita imodzi yogawa pakhumi. Mpata wotere suyezedwa ndi khutu. Payenera kukhala feeler gauge, timalata topyapyala tokhala ndi manambala. Ngati mwafika injini ili yotentha iye n'kuyamba kuseta mavalavu pompo, mwadziwa kale. Kukakhala sipanala yoyezera kulimba kwa mabawuti a hedi (chivundikiro cha pamwamba pa buloko), ndiye mwapeza malo abwino, chifukwa ambiri amangomanga mpaka mkono utakana. Onaninso pamene akuika zipangizo akamasula. Kabuleta woikidwa pamchenga amabwerera m'njinga ndi mchenga womwewo.

Mchimwene wanga amene ali ku Johannesburg amanena za malo okhala ndi makina otchedwa dyno, amene njinga imathamangira pamalo amodzi kompyuta ikuwerenga mphamvu ndi kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Ngati njinga yanu ndi ya makono yopanda kabuleta, ya fuel injection, zimene ndanena za majeti sizikukhudzani. Imeneyo imafuna munthu wa kompyuta yoyenera mtundu wa njingayo, ndipo musalole wina aiyesere mwayi.

Za kufufuza mbiri ya galaja, musafunse mwini galaja. Pitani pasiteji ya akabaza m'mawa, funsani amene anakuzitsa injini kuti anasetetsa kuti, papita miyezi ingati, ndipo wamasulanso kangati. Amene akuyamikira kulira kwa ekizozi musawamvere kwambiri. Mverani amene akukuuzani kuti lita imodzi ikumufikitsa pati.

Mtengo mugwirizane ntchito isanayambe, ndipo mufunse ngati kubweranso kudzaonetsa pulagi kuli momwemo. Zipangizo zakale, makamaka jeti yoyamba, azikubwezerani m'manja. Ine ndimalemba m'kabuku nambala ya jeti, kampata kamene kilipu ya singano ili ndi tsiku, kuti ndikadzapita kwa makaniko wina tisadzayambire pachiyambi. Bambo aja anandikumbutsanso za mabuleki, poti njinga yokwera Khwekhwerere mwamphamvu iyeneranso kutsika msewu womwewo itasenza mbatata. Tinasintha mashuzi a kumbuyo tsiku lomwelo.

Pisitoni yobooka ija ndinaisunga, ili pawindo kunyumba. Loweruka lapitali mnzanga wina amene wangogula ekizozi yotseguka anabwera kudzaiona, anaitembenuzatembenuza, kenaka anandipempha sipanala ya pulagi. Titamasula yake, nsonga inali mbuu.