Feteleza wakale wouma ngati mwala: kumuchotsa popanda ngozi

Malume anga atamwalira, ntchito yokonza kanyumba kawo kosungiramo katundu kumudzi ku Kasungu inagwera ine. Anali mlimi wa fodya wa bale, koma zaka zawo zomaliza matenda anawaletsa kulowa m'munda. Titatsegula chitseko tinapeza matumba 11 a feteleza ali pa dothi penipeni, ena ong'ambika, ambiri olimba ngati simenti. Pambali pake panali chigubu cha dizilo wa injini yopopera madzi kudimba, ndipo denga linkadontha. Msuweni wanga anati, "Asuweni, tingokumba dzenje, tithire palafini, tiyatse zithe." Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinayang'anirapo nyumba ya zipangizo pa esiteti ina kwa zaka zingapo, ndipo chinthu choyamba chimene tinaphunzitsidwa kumeneko n'chakuti feteleza ndi moto siziyandikizana.

Musanagwire chilichonse, dziwani kaye mtundu wa feteleza amene muli naye. Werengani pa thumba. Urea amalembedwa 46% N (N akuimira nayitirojeni, chakudya cha mbewu), ndi timibulu toyera tozungulira. Sulphate of ammonia amaoneka ngati shuga, 21% N. Awiriwa paokha saphulika. Wofunika kusamala naye kwambiri ndi amene ali ndi ammonium nitrate: CAN (calcium ammonium nitrate), amene alimi a fodya amamudziwa bwino, wa 27% N kapena chapompo, komanso mitundu ina ya NPK. Abale athu a ku Zimbabwe amabereketsa chimanga ndi AN (ammonium nitrate yemweyo), wa 34.5% N, ndipo ameneyo ndiye woopsa koposa chifukwa sasakanizidwa ndi laimu wambiri ngati CAN. Ngati zolemba zinafufutika, monga zinalili pa matumba anayi a malume, musaganizire. Muziwagwira ngati ndi ammonium nitrate.

Sindikufuna kukuopsezani. Thumba la CAN lili phee m'nyumba silingaphulike lokha ngakhale litakhala zaka khumi. Ammonium nitrate sayaka ngati nkhuni, koma akatenthedwa amatulutsa mpweya umene moto umafuna, ndiye moto umakula modabwitsa. Amasungunuka akafika pa madigiri 170, ndipo akapitirira pamenepo amayamba kusweka n'kumatulutsa utsi wapoizoni. Kuti aphulike pamafunika zinthu zikumane: kutentha kwambiri, malo otsekeka, mulu waukulu, ndi kudetsedwa ndi zinthu zoyaka monga dizilo, oyilo, utuchi kapena fumbi la makala. Ku Beirut, m'dziko la Lebanon, pa 4 Ogasiti 2020 zinakumanadi. Matani 2,750 a ammonium nitrate anakhala m'nyumba yosungiramo katundu pa doko kwa zaka zisanu ndi chimodzi, moto unabuka, ndipo anthu oposa 200 anafa. Kanyumba ka malume sikanali doko la Beirut, koma dizilo analipo, udzu wa denga unalipo, ndipo msuweni wanga anali ndi machesi m'thumba.

Choncho yambani ndi kuchotsa zozungulira, feteleza mumusiye kaye pomwe alipo. Tulutsani mafuta onse, makala, madeya, mapesi, masaka a fodya, mabatire akale a galimoto, jiki wochapira zovala ndi laimu. Tsegulani chitseko ndi mawindo mphepo idutse. Gwirani ntchitoyi masana kuti musafune koloboyi kapena kandulo, ndipo wosuta fodya akasutire kutali. Valani magolovesi, kapena majumbo m'manja ngati magolovesi palibe, chifukwa feteleza wonyowa amalyalya pa bala. Ana ndi ziweto asayandikire.

Kenako patulani matumbawo pawiri: oyera, ndi odetsedwa ndi mafuta kapena zinyalala. Nunkhizani, yang'anani kunsi kwa thumba. Osasakanizanso mitundu. Urea ndi CAN zikakhudzana zimakoka chinyezi mofulumira kwambiri n'kusanduka phala lomwe simungathe kuliwaza.

Feteleza woyera amene wangogwirana sanathe ntchito, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama. Alibe tsiku lothera ntchito ngati mankhwala a kuchipatala. Ngati anangouma osakokoloka ndi madzi, chakudya cha mbewu chikadali momwemo. Thumba la makilogalamu 50 la urea lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, la CAN lili ndi 13 ndi theka. Kwa ine, malo abwino otayirako feteleza wakale ndi amodzi okha: m'munda, pa mlingo wake.

Kuti mumuphwanye, tulutsani thumba limodzilimodzi panja pa mthunzi, mulikhuthulire pa pepala la pulasitiki kapena lona, n'kumagogoda ndi chipika cha mtengo kapena munsi wakale. Mtondo wosinjira chimanga musaugwiritse ntchito. Musamuyanike pafupi ndi moto poganiza kuti aphwanyika msanga, ndipo musadule chibuma ndi makina otulutsa nthethe. Nkhani ya ku Oppau, ku Germany, imandibwerera nthawi zonse ndikaona feteleza wolimba. Pa fakitale ya kumeneko ankaphwanya mulu wouma wa ammonium nitrate wosakaniza ndi ammonium sulphate pogwiritsa ntchito dynamite (mabomba ophwanyira miyala), ndipo anachita zimenezi kambirimbiri popanda vuto. Pa 21 Seputembala 1921 muluwo unaphulika n'kupha anthu oposa 500. Ife tinaphwanya matumba asanu ndi awiri ndi chipika cha mthethe, masiku atatu, anthu awiri.

Pothira, tsatirani mlingo womwe mlangizi wa zaulimi amapereka, chitsekerero cha botolo pa phando, chapatali pang'ono ndi tsinde, m'nthaka yachinyezi, n'kukwirira. Musawonjezere chifukwa choti mukufuna athe msanga, mudzawaula mbewu. Musathire mitambo itachita bii, chifukwa mvula yamkuntho idzangomukokolera kudambo. Ngati ndi wochuluka kuposa munda wanu, gawirani anzanu, koma muwauze zoona kuti ndi wakale ndipo mwina mphamvu yake yachepako. Nthochi, nsenjere ndi mitengo ya zipatso zimamulandiranso. Amene wasanduka phala koma ndi woyera, musungunuleni dzanja limodzi mu chidebe cha malita 20, muzithirira pansi osati pa masamba. Ena amafuna kumuponya mu manyowa a mbeya. Ine CAN kapena feteleza wosadziwika sindimuikamo, chifukwa kumeneko ndi kumusakaniza ndi madeya n'kumutsekera m'thumba lomwe limatentha.

Odetsedwa ndi mafuta ndiwo ovuta. Ife anali matumba awiri amene kunsi kwake kunamwa dizilo. Tinadula mbali yodetsedwayo, yokwana ngati ndowa imodzi, tinaithira madzi ambiri, n'kuisakaniza ndi mchenga ndowa zingapo. Kenako tinaimwaza mopyapyala pa tsala, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, n'kutembenuza ndi khasu. Musamutsekere mu mgolo kapena m'chigubu, ndipo musamuunjike kuti mudzaona mawa. Njira imeneyi ndi ya wochepa basi. Mukapeza matumba ambirimbiri odetsedwa, monga zimachitikira m'nyumba za makalabu kapena pa esiteti yosiyidwa, musawasunthe nokha. Khomani chitseko, dziwitsani mlangizi ndi ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma lanu, ndiponso kampani imene inagulitsa ngati ikudziwika.

Dzenje, chimbudzi ndi mtsinje si malo ake. Feteleza wokwiriridwa mulu amasungunuka pang'onopang'ono n'kutsikira m'madzi a pansi, ndipo madzi a pachitsime okhala ndi nitrate (mchere wochokera ku fetelezayo) wambiri amadwalitsa makanda: magazi awo amalephera kunyamula mpweya bwino, milomo imachita kubiriwira. Ng'ombe ndi mbuzi nazo zimanyambita feteleza ngati mchere. Kachithaphwi ka madzi a mvula momwe mwasungunuka urea kangagwetse ng'ombe pasanathe ola.

Nanga moto ukabuka pomwe pali feteleza? Choyamba tulutsani anthu, aime mbali imene mphepo ikuchokera. Ngati moto ndi wochepa ndipo sunafike pa matumba, uzimitseni ndi madzi ambiri. Mchenga, dothi kapena bulangete sizithandiza pa ammonium nitrate chifukwa mpweya amadzipatsa yekha, ndipo kumukwirira ndi kumusungira kutentha. Musatseke zitseko. Mukaona utsi wachikasu, wofiirira kapena wa mtundu wa lalanje, thawani, muthawitsenso oyandikana nanu, ndipo poitana ozimitsa moto nenani kuti m'nyumbamo muli feteleza. Ku West, m'chigawo cha Texas ku America, pa 17 Epulo 2013, anthu 15 anafa malo osungira feteleza ataphulika, ndipo ambiri mwa iwo anali omwe anathamangira kukazimitsa motowo. Aliyense amene wapuma utsiwo apite kuchipatala ngakhale akumva bwino, chifukwa mapapo amatha kuyamba kudzaza madzi patapita maola ambiri, ngakhale tsiku lotsatira.

Matumba akatha ntchito sinathe. Dothi la pansi pomwe anakhala lipaleni ndi khasu mukalimwaze m'munda. Matabwa kapena mitengo imene inamwa feteleza musaisonkhezere kukhitchini, imayaka mwaukali ndipo utsi wake ndi woipa. Matumba opanda kanthu atsukeni katatu, madziwo muthirire mbewu, ndipo musasungiremo ufa. Ngati pa shelefu mwapezanso mabotolo akale a mankhwala ophera tizilombo, monga tinapezera ife, amenewo ndi nkhani ina: sathiridwa m'munda, ndipo oyenera kuwafunsa ndi a Pesticides Control Board ku Bvumbwe, kudzera mwa mlangizi wanu.

Matumba awiri a NPK amene anali abwinobwino tinawasungira chaka chotsatira. Tinawaika pa matabwa atsopano, chapatali ndi khoma, m'chipinda cha malata chosadontha chomwe mulibe mafuta kapena makala, ndipo pa thumba lililonse ndinalembapo dzina ndi chaka ndi cholembera chosafufutika. Dizilo anapita kukakhala m'kashedi kake kuseri kwa khola.