Nyumba yakale ya mitengo kale kapena puloti yatsopano: mmene mungakonzere pabwalo

Mukadutsa ku Sunnyside, Namiwawa kapena ku Zomba kumtunda kuja kuli nyumba za nthawi ya atsamunda, mumaona jakaranda, mango ndi mapeyala akuluakulu, pabwalo pali zii ngakhale mu Okutobala. Ndiye pitani ku mapuloti atsopano a ku Njewa, Area 49 kapena Chileka, nyumba yabho ndithu koma kunja fumbi lokhalokha. Ntchito ya malo awiriwa ndi yosiyana, ndipo anthu ambiri amaichita mosemphanitsa, wa nyumba yakale amathamangira nkhwangwa pomwe wa puloti amathamangira kapinga.

NGATI MWALOWA NYUMBA YAKALE

1. Chaka choyamba musadule kalikonse. Dikirani mvula igwe, chisanu chidutse, dzuwa liombe, muone mtengo womwe ukubereka ndi womwe ukungodya malo. Jakaranda amayoyola masamba m'chilimwe n'kuoneka ngati wauma, munthu n'kumugwetsa, chonsecho mtengo wotero kuti ufikenso pamenepo ndi zaka 20 kapena kuposa.

2. Yang'anani mizu. Apa ndi pomwe nyumba zakale zimabisa mavuto. Kachere, bulugamu kapena malaina ali pafupi ndi sepitiki, mapaipi kapena fawundeshoni ndi oyenera kuchoka ndithu, mukaona khonde lang'aluka kapena dreni ikungotsekeka musamangonamizira pulambala. Nthambi zomwe zakhudza mawaya a magetsi musakwere nokha, itanani a ESCOM.

3. Mango okalamba sadulidwa onse, mumangodulira nthambi zouma ndi zopingasa zipatso zikangotha, kuti dzuwa lilowe. Ndipo pansi pake musavutike ndi kapinga kapena bedi la repu, sizichita. Ndiwo zamasamba zimafuna dzuwa la maola 6 patsiku, ndiye sakani malo otseguka.

NGATI MUKUYAMBA PA PULOTI YOPANDA KANTHU

1. Yambani ndi dothi. Amisiri akamaliza amasiya zidutswa za njerwa, mchenga ndi simenti youma pomwe ankaponderapo, ndipo mukangothira dothi pamwamba chilichonse mungadzale pamenepo chidzakhala chonyentchera. Tolani zonse ndi wilibala. Amene simunayambe kumanga muli ndi mwayi, auzeni anyamata aunjike pambali dothi lakuda lapamwamba asanakumbe fawundeshoni, chifukwa kudzagula lomwelo pa lole n'kowawa.

2. Mvula yoyamba ikagwa tulukani muone komwe madzi akulowera. Pamalo otsetsereka dzalani mzere wa vetiva mopingasa.

3. Kenako mitengo, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Kumbani maenje mvula isanayambe, masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe, dothi lapamwamba musakanize ndi manyowa owolerana bwino n'kubwezera. Dzalani mvula ikakhazikika, nyengo yodzala mitengo kuno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo koma musadikire kumapeto. Ku nazale funsani mbande zomezanitsa. Mango kapena peyala womezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4, pomwe wa nthangala yomwe mwana anataya kuseri angakudikiritseni zaka 7 osadziwanso kuti zipatso zake zidzakoma bwanji. Mitengo ikuluikuluyi italikirane mamita 8 mpaka 10, ndipo ikhale kutali ndi nyumba komanso sepitiki. Mbande imaoneka yaing'ono lero, anthu amaidzala pafupi ndi windo n'kudzadandaula pambuyo pake.

Poyembekezera, ikani mapapaya, nthochi ndi chammwamba, izi pakatha chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono mwayamba kudya. Nthochi ziikeni komwe kumapita madzi otsukira mbale. Chiswe chimakonda mbande zovutika ndi ludzu, ndiye thirirani chilimwe choyamba chonse, phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde.

4. Kapinga ndi womalizira. Amamwa madzi kwambiri ndipo bilu ya Okutobala ikabwera mudzamuona ndi diso lina. Ine ndinganene kuti dzalani kachigawo kakang'ono kutsogolo komwe ana amasewerera, mvula ili mkati kuti agwire yekha, kwinako musiyire mabedi a mpiru, tomato ndi bonongwe.