Kugawa sukulu yodzaza m'mashifiti awiri: zoyenera kuchita mphunzitsi wamkulu

Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, sukulu zambiri zili ndi ana ochuluka kuposa zipinda. Kugawa tsiku pawiri kumachotsa makalasi pansi pa mitengo, koma kumalephereka mphunzitsi wamkulu akathamangira kulemba ndandanda ya nthawi asanakambirane ndi anthu.

Yambani ndi kaundula. Gawani ana a sitandade iliyonse m'magulu a 60: ngati Sitandade 1 ili ndi ana 240, ndiye magulu 4. Werengani zipinda ndi aphunzitsi omwe alipodi, osati omwe angotsala mayina pakhoma la ofesi. Ziwerengerozi pitani nazo kwa a PEA (mlangizi wa maphunziro a pulaimale) a zoni yanu asanamve mphekesera.

Kenaka aphunzitsi, paokha. Apa m'pamene pagona nkhani. Ambiri amaona shifiti ya masana ngati chilango, ndipo sakulakwa kwenikweni: mu Okutobala chipinda cha malata chimatentha koopsa, ana amafika atatopa kale ndi kutunga madzi kapena kumunda. Gwirizanani kuti azisinthana teremu iliyonse, ndipo zilembedwe. Masana akhale ndi mwini wake, wachiwiri wanu kapena mkulu wa gawo, apo ayi ikangokwana 12 koloko sukulu imasanduka msika.

Mafumu muwayendere kwawo musanaitane makolo. Mfumu ikamvera nkhani pagulu imangokhala chete, anthu ake n'kuyamba kukana. Komiti ya sukulu, PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) ndi gulu la amayi akuuzani midzi imene ana ake amawoloka mtsinje. Amenewo aziphunzira m'mawa, poti mvula imakonda kugwa masana. Sitandade 1 ndi 2 akhalenso m'mawa. Sitandade 8 musaidule nthawi, mayeso a MANEB sasamala za mashifiti.

Siyani mphindi 30 pakati pa mashifiti, zosesera ndi kupatsirana makiyi ndi mabuku. Ngati pali phala, konzani ophika ndi nkhuni zakawiri. Ana a masana akapeza mphika wouma amasiya kubwera. Choko, maloko ndi zina zowonjezera zilowe mu SIP (dongosolo lotukulira sukulu) kuti ndalama za SIG (thandizo la boma lotukulira sukulu) zigwirepo.

Lachisanu lililonse yerekezani ojomba m'mawa ndi masana, atsikana paokha, anyamata paokha. Kujomba kwa masana kukapitirira milungu 3 yotsatizana, makamaka tsiku la msika, tumani gulu la amayi m'makomo, ndipo kalasi yovutayo muibwezere m'mawa teremu isanathe.